Mutu 9: Mbale ya M'mawa ya ku Lanzhou

Mzinda wa Lanzhou, likulu la chigawo cha Gansu kumpoto chakumadzulo kwa China, unamangidwa m'chigwa chopanikizika ndi mapiri, ndipo mtsinje wa Huang He umadutsa pakati pake. Kumeneku mpunga si wochuluka ngati kumwera kwa dzikolo. Anthu amadalira tirigu, ndipo chakudya chimene chinatchukitsa mzindawu ndi niurou mian, ma noodles okokedwa ndi manja odyera mu msuzi wa nyama ya ng'ombe. Eni mzinda amachikonda m'mamawa asanapite ku ntchito, moti malo odyera ambiri akale amatseka masana msuzi ukangotha.

Anthu a ku Lanzhou amati amene anayambitsa kaphikidwe kameneka ndi Ma Baozi, Msilamu wa mtundu wa Hui, yemwe mu 1915 anayamba kugulitsa chakudyachi m'misewu atasenza katundu wake pamtengo wa paphewa. Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake chinali msuzi woyera mbee, wopanda matsenjetsenje. Mpaka lero ntchitoyi ili kwambiri m'manja mwa Asilamu, ndipo nyama ya nkhumba silowa m'khitchini zawo. Malo ena, monga Mazilu, akhala akudyetsa anthu a mumzindawu kwa zaka makumi angapo.

Pamalo akale otere palibe wobwera kudzakufunsani chomwe mudye. Mumalipira pakhomo, kulandira tikiti, n'kuima pamzere wopita pazenera la khitchini. Mukafika, funso ndi limodzi: mukufuna ma noodles otani? Alipo maoxi, opyapyala ngati tsitsi; erxi, onenepa pang'ono, amene ambiri amawakonda; jiuye, aphwatalala ngati tsamba laling'ono; ndi dakuan, otambalala ngati lamba. Mtanda ndi umodzimodzi, koma kukula kwake kumasintha kadyedwe. Opyapyala amamwa msuzi msanga n'kufewa, pamene onenepa amafuna mano.

Apa m'pamene mlendo amaiwala njala n'kuyamba kuonerera. Wokoka amatenga mtanda wotalika ngati mkono, n'kuugwira mbali zonse ziwiri. Amatambasula manja, mtandawo n'kutalika. Amaupinda pakati, n'kukolowekanso chala pamene wapindapo, n'kukokanso. Nthawi iliyonse akapinda, zingwe zimachuluka kawiri: ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, ndipo akapinda kasanu ndi kawiri zimakhala 128. Amazimenyetsa pathebulo lowazidwa ufa kuti zisamatirirane, amadula nsonga imene yatsala m'dzanja, n'kuziponya mumphika wa madzi obwadamuka. Zonsezi zimatha munthu asanamalize kupinda tikiti yake.

Mtandawo suduka chifukwa cha ntchito imene wodya saiona. Ufa wake ndi wa tirigu wolimba, ndipo umakandidwa, kumenyedwa ndi kusiyidwa kuti upume, kenako n'kukandidwanso mpaka utayamba kutamuka. Ophika amathiramo penghui, madzi amene kale ankachokera ku phulusa la zitsamba za m'chipululu. Amagwira ntchito yofanana ndi chidulo chimene amayi amathira m'therere: amafewetsa, n'kusintha kakomedwe ndi maonekedwe. Penghui ndi amene amalola mtanda kukokeka mosavuta, ndiponso amene amapatsa ma noodles mtundu wachikasu. Masiku ano ambiri amagula wopangidwa ku fakitale, koma muyeso wake umakhalabe m'dzanja la wophika, chifukwa akachulukitsa chakudya chimawawa, akachepetsa mtanda umakana.

Komabe eni mzinda akamayamikira malo odyera, amayamba ndi msuzi. Nyama ndi mafupa a ng'ombe amaviikidwa m'madzi kuti magazi achoke, kenako amawiritsidwa kwa maola ambiri pamoto wochepa pamodzi ndi jinja ndi zokometsera zina zimene banja lililonse limasunga mwachinsinsi. Thovu likangoyandama limayengulidwa, apo ayi msuzi umada. N'chifukwa chake ophika amadzuka usiku, ndipo odya odziwa amalawirira kuti apeze msuzi woyamba, umene sunawire tsiku lonse.

Mbale yabwino amaiyesa ndi zinthu zisanu. Msuzi ukhale woyera moti n'kuona pansi. Tizidutswa ta radish tikhale toyera. Mafuta a tsabola afiire pamwamba. Masamba a coriander ndi a adyo abiriwire. Ma noodles akhale achikasu. Nyama imakhala yochepa, tinthuli towerengeka, ndipo wofuna yambiri amagula padera pamodzi ndi dzira. Ena amathirako viniga. Mukakhala pansi, yambani mwapsontha msuzi musanavundule, kuti mumve kukoma kwake kokha. Mukatero gwirani timitengo tiwiri todyera n'kudya osazengereza, chifukwa ma noodles akakhalitsa mu msuzi wotentha amalobodoka. Kukoka ndi mlomo mochita kumveka si mwano kumeneku. Mipando ikadzaza, ena amangonjuta panja, mbale ili m'manja, ndipo mphunzitsi, woyendetsa basi ndi wamalonda amadyera limodzi popanda wofunsa udindo wa mnzake.

Ma noodles ali ndi mbiri yaitali m'dera limeneli. Pamalo otchedwa Lajia m'chigawo choyandikana cha Qinghai, akatswiri ofukula zakale anapeza mbale ya ma noodles a zaka pafupifupi 4,000, ndipo analengeza zimenezi mu 2005. Ku Qinghai komweko, makamaka m'boma la Hualong, n'kumene kumachokera mabanja ambiri amene anatsegula malo odyera olembedwa Lanzhou lamian, kutanthauza ma noodles okokedwa a ku Lanzhou, m'mizinda ya China yonse. Mu 2021 boma la China linaika kaphikidwe ka ma noodles a ku Lanzhou pamndandanda wa maluso a makolo oyenera kutetezedwa.

Mndandanda woterewu umathandiza, koma luso limasungika pamene pali wophunzitsa, wophunzira ndi wodya amene amadziwa kusiyanitsa. Ma noodles a m'paketi amapsa msanga, koma alibe msuzi wa usiku wonse kapena dzanja limene laphunzira kwa zaka kumva mtanda. Mukadzafika ku Lanzhou, musafunefune malo owala kwambiri. Funani pamene eni mzinda aima pamzere m'mamawa, ndipo inunso imani pomwepo.