KUKAZINGA KHOFI PA MUDZI

Eni mabanja a ku Mvera ndi ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tamverani. Khofi anafika m'dziko muno m'caka ca 1878, pamene Jonathan Duncan anadza naye ku Blantyre. Mtengowu ukonda mapiri ozizira onga anuwa, koma ambiri aononga zipatso zace pa moto.

Thyolani zipatso zofiira zokha. Muzisende, muviike njere m'madzi masiku awiri kufikira kuterera kutatha, mutsuke, nimuyanike pa thandala masabata awiri. Zikauma gwa, mukonole makoko pang'onopang'ono mu mtondo.

Pokazinga tengani phale losanunkha nsomba kapena mafuta, pakuti khofi atenga pfungo msanga. Moto ukhale wa makala, wosati wa malawi. Takasani kosaleka monga mphindi 15. Mukamva njere zilikuthetheka ngati cimanga cokazinga, zayandikira kupsa. Zikafiirira, phulani, nimuziziritse m'licero. Zikada bii ndi kuturuka mafuta zapserera, ndipo zidzangowawa.

Sinjani za tsiku limodzi lokha. Zotsala mutsekere m'botolo, cifukwa mphepo icotsa pfungo. Mukatero, mlendo wanu adzamwa cokoma ca m'munda mwanu, ndipo ndalama zanu sizidzathera ku sitolo.