Kubadwira m'mbali mwa nyanja sikudziwa kusambira

Mwezi wa Meyi ukangoyamba, a nthambi yoona zanyengo amayamba kuchenjeza za mphepo ya mwera, ndipo uthengawo umamveka pa mawayilesi mpaka ku Karonga. Asodzi a ku Ngara, ku Chilumba ndi ku Kaporo amaumva ndithu. Ena amakokera mabwato awo pamchenga n'kukhala pansi kusoka maukonde, ena amapitabe poti ana kunyumba akufuna kudya. Kenako pamamveka maliro, ndipo pamaliropo sipalephera munthu wonong'oneza mnzake kuti: "Koma mnyamata ameneyu ankadziwa kusambira. Pali china chake apa."

Mawu amenewa atopetsa. Akangotuluka, nkhani imachoka pa madzi n'kupita kwa amalume amene anakangana ndi malemuyo za ukonde, kapena kwa mizimu ya m'nyanja imene akuti imafuna munthu chaka ndi chaka. Palibe amafunsa kuti kodi munthuyo akanatha kukhala pamwamba pa madzi kwa nthawi yaitali bwanji, atavala zovala, usiku, mafunde akumumenya kumaso.

Imani pagombe lililonse m'boma la Karonga masana muone mmene ana amasambirira. Mutu uli m'mwamba, manja akupalasa mofulumira pansi pa chibwano, miyendo ikumenya madzi. Amayenda kamtunda pang'ono n'kuponda pansi, kupuma, n'kuyambiranso. Sakuopa madzi, n'zoona, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma bwato la usipa siligubudukira pamalo oti munthu n'kuponda pansi. Limagubuduka kutali ndi kumtunda, ndipo chigawo cha kumpoto ndi chimene chili chozama kwambiri pa nyanja ya Malawi, malo ena mpaka mamita pafupifupi 700. Ngakhale sitima imalephera: pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, kummwera kwa Chilumba, ndipo anthu 145 anafa.

Chimene chimachitika munthu akagwera m'madzi akuya n'chosavuta kuchimvetsa, ndipo mulibemo zamatsenga. Mafupa ndi minofu zimalemera kuposa madzi, choncho zimakokera pansi. Mafuta a m'thupi ndi opepuka, amakokera m'mwamba. Zikaphatikizana, thupi lonse limatsala pang'ono kulingana ndi madzi kulemera kwake, ndipo chimene chimagamula kuti munthu ayandame kapena amire ndi mpweya wa m'mapapo. Mapapo a munthu wamkulu akadzaza amasunga malita 5 kapena 6 a mpweya, ndipo lita iliyonse ya mpweya imene ili m'madzi imanyamula kilogalamu imodzi. Tsono mutu wa munthu umalemera makilogalamu 4 kapena 5. Ukagona m'madzi, madziwo amaunyamula. Ukautulutsa wonse kunja, katundu ameneyu amatsamira pa thupi lotsalalo, miyendo imatsika, munthu amaima chilili m'madzi, ndipo kuti asalowe ayenera kupalasa mosalekeza. Akakweza manja kuti anthu amuone, wawonjezera katundu wina kunja kwa madzi, ndipo amalowa. Akakuwa, wataya mpweya umene umamugwira. Akavuuka amafuna kupuma mwachangu, funde n'kumupeza pakamwa pali pululu.

Onjezerani izi: msodzi wopalasa bwato usiku uliwonse amakhala wa minofu yokhayokha, mafuta ochepa, ndiye thupi lake silichedwa kumira poyerekeza ndi la mayi wonenepa amene sanalowepo m'nyanja. Madzi a nyanja yathu alibenso mchere, choncho sanyamula thupi ngati a ku Indian Ocean. Mnyamata wamphamvu uja amene mudzi wonse ukumuchitira umboni ndi amene ali pa ngozi yaikulu, chifukwa amadalira mphamvu, ndipo mphamvu imatha m'mphindi zochepa.

N'chifukwa chake kumene kusambira amakuphunzitsa ngati phunziro, sayambira pa liwiro. Ku yunivesite ya MIT ku America wophunzira salandira digiri asanakhoze mayeso a kusambira kapena kuchita kosi yake, ndipo yunivesite ya Tsinghua ku China inakhazikitsa lamulo lotere mu 2017, kuti wophunzira athe kusambira mamita 50. M'makalasi oyambira, mphunzitsi amayamba ndi zinthu zimene mwana wa ku Ngara angaseke nazo: kuviika nkhope m'madzi n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono, kenako kugona chagada, makutu ali m'madzi, chibwano chili m'mwamba pang'ono, manja atatambasulidwa, osachita kalikonse. Wogona chagada mphuno ndi pakamwa zokha ndi zimene zimakhala kunja, katundu yense wanyamulidwa ndi madzi, ndipo akhoza kupuma mpaka mantha atatsika. Amene waphunzira kutembenuka kuchoka chafufumimba kupita chagada wapeza chinthu chachikulu kuposa masitayilo onse.

Masitayilowo alipo anayi a mpikisano. Freestyle ndi yothamanga kwambiri, koma imafuna kuti nkhope ikhale m'madzi ndipo munthu azipumira cham'mbali; ambiri kuno amaichita mutu uli m'mwamba n'kumaupukusa uku ndi uku, zomwe zimangotopetsa. Butterfly tiwasiyire a mpikisano, palibe amene inamupulumutsa pa mwera. Zothandiza munthu wa kunyanja ndi ziwiri. Yoyamba ndi breaststroke, ija miyendo imapinda n'kukankha ngati ya chule. Chinsinsi chake si kukankhako koma kudikira: ukakankha umawongola thupi n'kulisiya liziyenda lokha kwa kanthawi usanapalasenso, ndipo m'kanthawi kameneko ndi mmene minofu imapumira. Imalolanso munthu kuona kumene akupita, kaya ndi nyali za kumtunda kapena bwato la anzake. Yachiwiri ndi yosambira chagada, koma osati ija ya mpikisano yozunguza mikono m'mwamba. Manja onse amakhala m'madzi, akukankhira madzi kumapazi nthawi imodzi, miyendo ikuchita zomwe zija za breaststroke. Siithamanga, sioneka bwino, koma munthu wamba akhoza kuyenda nayo nthawi yaitali osabanika.

Bodza lina ndi loti womira amakuwa ndi kuphiriphitha. Nthawi zambiri sakuwa. Thupi limaika kupuma patsogolo, mawu pambuyo, ndiye pakamwa pakavuuka pamangokoka mpweya n'kulowanso. Manja amakankha madzi cham'mbali mwa okha, moti munthuyo sangathe n'komwe kugwira chingwe chimene chagwera pataliko pang'ono. Izi zimatenga masekondi 20 mpaka 60, ndipo kwa mwana zimachitika msanga kusiyana ndi munthu wamkulu. Mayi akhoza kukhala akutsuka mbale pagombe, mwana n'kumira pafupi naye osamva kanthu. Akadzati "ndinangocheuka, mwana palibe", anthu amayamba kuyang'anana ngati pachitika zodabwitsa, chonsecho umu ndi mmene kumira kumachitikira kulikonse pa dziko lapansi. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 300,000 anamira mu 2021, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ana aang'ono ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu. Mizimu ya m'nyanja ya Malawi siingakwanitse ntchito yonseyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti maliro a kumira amakonda kukhala awiri. Womira akagwira munthu amamukwera kuti apeze mpweya, sasamala kuti ndi mbale wake. Wopulumutsa wosaphunzitsidwa akalumphira m'madzi chimanjamanja, onse amapita. Chonsecho pagombe pamakhala zigubu mbwee. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimanyamula makilogalamu pafupifupi 20, kuposa mmene majekete ambiri opulumutsira amanyamulira. Chiponyeni, kapena mupatseni nkhafi kapena nsungwi inu muli m'bwato kapena kumtunda. Bwato likagubuduka koma likuyandama, ligwireni. Ofufuza amaona bwato msanga kusiyana ndi mutu wa munthu.

Ndiye pali chija amachita akamutulutsa. Kumuzondotsa, kumuzunguza, kumuponda pamimba kuti "madzi atuluke". Madzi amene amatuluka pamenepo ndi a m'mimba, amene sakanamupha. Amatuluka ndi masanzi, ndipo masanziwo akalowa m'mapapo mwawonjezera vuto. Chimene chikumupha munthuyo ndi kusowa mpweya, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Mphindi zimenezo ndi zimene anthu amataya akumugubuduza pamchenga. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, kwezani chibwano, mupumireni m'kamwa kasanu, kenako sindikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kupumiranso kawiri, osaleka. Amene watsitsimuka koma akutsokomola kapena kubanika apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Karonga, ku Chilumba kapena ku Kaporo, chifukwa mapapo amene mwalowa madzi amatha kuipiraipira patadutsa maola angapo.

Za mowa anthu amadziwa, sitichulukitsa. Nthawi ya Khirisimasi magombe amadzaza ndi alendo ochokera ku Chitipa ndi ku Mzuzu, botolo lili m'manja, ena nyanja akuiona koyamba. Za khunyu ndi zimene sizinenedwa: wodwala matendawa akagwa ali m'madzi ofika m'mawondo akhoza kumira, choncho asamakasambe kapena kukachapa yekha.

Wina anena kuti ku Karonga kulibe dziwe lophunziriramo, ndipo dziwe lamakono limene linamangidwa pokonzekera masewera a Region 5 a mu 2022 lili ku Lilongwe, kutali zedi. N'zoona. Koma ku Bangladesh, dziko limene ana ambiri amafera m'madzi, pulogalamu ya SwimSafe imaphunzitsira ana m'maiwe a kumudzi momwe amanga mpanda ndi nsanja ya nsungwi kuti madzi asapitirire msinkhu. Mwana amakhoza akasambira mamita 25, akayandama masekondi 30, ndiponso akadziwa kupulumutsa mnzake iye ali kumtunda. Aphunzitsi ake ndi achinyamata a m'mudzi momwemo. Nsungwi ku Karonga sizisowa, mchenga wosaya uliponso.

Ku Karonga kuli koleji yosula aphunzitsi a m'mapulaimale, ndipo masewera olimbitsa thupi ali kale m'phunziro la Expressive Arts. Mphunzitsi wotuluka m'koleji ya m'mbali mwa nyanja akudziwa kuyandama chagada ndi kupumira munthu m'kamwa angafikitse luso limeneli ku masukulu a ku Mlare kapena ku Ngerenge, m'boma limene mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira nthawi ya dzinja ana akuwoloka popita kusukulu. Malo ophunzirirapo ayenera kusankhidwa ndi anthu odziwa gombe, kutali ndi pamene mitsinje imathirira m'nyanja komanso kutali ndi mabango, chifukwa kumeneko ndi kwa ng'ona ndi mvuu, ndipo nkhono za likodzo zimakondanso madzi odekha a zomerazomera. Nthawi yabwino ndi mu Okutobala ndi Novembala, mwera utatha, mvula isanayambe.