Za Dzuwa ndi Madzi Akumwa

Ana inu, mudziwa kuti dzuwa liumitsa chimanga ndi kukulitsa tiyi m'minda ya kuno ku Mulanje. Koma liri nayo ntchito yina yobisika, ndiyo ya kupha tizirombo ta m'madzi. Tizirombo timeneti sitioneka ndi maso, koma tina mwa ito tibweretsa kolera, nthenda imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno m'zaka za 2022 ndi 2023.

Kuchipatala kuli mankhwala onga madzi, dzina lache hydrogen peroxide. Akawathira pa bala achita thovu. Woyamba kuwapanga ndiye Louis Thénard wa ku France, m'chaka cha 1818. Mankhwalawa ndi madzi ali pachibale. M'madzi muli magawo awiri a hydrogen ndi gawo limodzi la oxygen, mpweya uja utipatsa moyo; koma m'mankhwalawa magawo a oxygen ali awiri. Gawo loonjezalo silikhazikika, ndipo ndilo liononga tizirombo. Ntchito ikatha, chotsala ndi madzi ndi mpweya basi. Koma asanatero ali aukali, mwana asawalawe ai.

Mankhwalawa awapanga m'mafakitale akulu, ndipo kuwanyamula ulendo wautali kufuna ndalama ndi kusamala kwambiri. Chifukwa chache anthu ophunzira afunsa kuti, kodi mudzi sungathe kudzipangira wokha ndi dzuwa, madzi ndi mpweya, monga tsamba lipanga chakudya cha mtengo?

Tayang'anani khala la pamoto: lipepuka chifukwa ladzala ndi timabowo. M'chaka cha 2005 Omar Yaghi ndi anzache ku America anapanga ufa wa timabowo tating'onong'ono tondandalikana bwino ngati zisa za njuchi. Pambuyo pache ena anakonza ufa wa mtundu umenewu kuti uzilandira kuwala. Akauthira m'madzi ndi kuuika padzuwa, madzi ndi mpweya zilowa m'timabowomo. Kuwala kupatsa ufawo mphamvu, ndipo ufa ulumikiza oxygen wa mumpweya ndi hydrogen wa m'madzi. Ufawo sulowa m'mankhwala. Uli ngati nkhoswe, imene ilunzanitsa awiri nibwerera kwao. Luso lalikulu lagona pa kukula kwa timabowo, pakuti tikachepetsa madzi salowa bwino, ndipo mankhwala akachedwa kutuluka aonongeka momwemo. Ufa umenewu ukali m'nyumba zoyeseramo, sunafike m'midzi.

Koma ife a ku Chonde tingathe kulituma dzuwa lero lomwe. Tengani botolo la pulasitiki loonekera mkati, losaposa malita 2. Thiranimo madzi osefa, pakuti matope atchinga kuwala. Tsekani, ndi kuligoneka pa denga la malata maola 6. Kuwala ndi kutentha zipha tizirombo, ndipo kuwalako kupanganso hydrogen peroxide pang'ono m'madzimo. Kukakhala mitambo, botolo likhale masiku awiri. Koma chiperoni chikaphimba phiri ndi mvula yosalekeza, musadalire dzuwa. Madziwo muwawiritse, kapena muthiremo klorini.