SOUTH AFRICA: Mmene ounika nyumba a ku Ekurhuleni amapiririra malonda akazilala

EKURHULENI – Chaka chilichonse, pofika pakati pa mwezi wa Disembala, ntchito ya zomangamanga imaima m'dziko la South Africa. Amisiri amalongedza zipangizo n'kupita kwawo, ena mpaka ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo maofesi ambiri a maloya osamutsa umwini wa nyumba amatseka kufikira mu Januwale. Mmodzi mwa anthu amene foni zawo zimaleka kulira pa nyengoyi ndi wounika nyumba wodzilemba yekha ntchito.

Wounika nyumba ndi katswiri amene munthu wofuna kugula nyumba amamulipira kuti akaione kaye bwinobwino malonda asanatheke. Iye amakwera padenga, amalowa m'siling'i ndi tochi, amayeza chinyontho m'makoma, amaona ming'alu, mapaipi, giza ndi kumene madzi amvula amapita. Akatha amalemba lipoti lokhala ndi zithunzi, lofotokoza chimene chaonongeka, chimene chatsala pang'ono kuonongeka ndi chimene chikufunika katswiri wina. Ndi wosiyana ndi insipekitala wa khonsolo, amene amalandira malipiro pamwezi ndipo amaona ngati nyumba ikumangidwa motsatira lamulo la zomangamanga la 1977.

Mzinda wa Ekurhuleni, umene kale unkadziwika kuti East Rand, unakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni monga Germiston, Boksburg, Benoni, Kempton Park, Brakpan, Springs ndi Alberton, komanso madera monga Tembisa, Katlehong, Vosloorus ndi Daveyton. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 4 miliyoni mumzindawu. Nyumba zilipo zochuluka, koma ntchito ya wounika nyumba imabwera modukizadukiza.

Chifukwa chimene ntchito imazilalira

Gwero la vutoli ndi lakuti palibe lamulo lokakamiza wogula kuitana wounika nyumba. Nyumba ikamagulitsidwa, lamulo limafuna satifiketi yotsimikizira kuti mawaya amagetsi ali bwino, ndipo ngati pali gasi kapena mpanda wamagetsi pamafunikanso masatifiketi ake. Zikalata zimenezi zimaperekedwa ndi amisiri olembetsedwa pa ntchitozo. Lipoti la wounika nyumba silili m'gulu limeneli. Wogula amene watsala ndi ndalama zochepa atalipira dipoziti, loya ndi banki, amayamba kudula chimene sichokakamiza.

Ku United States zinthu n'zosiyana. Kumeneko bungwe la American Society of Home Inspectors linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo kuitana wounika nyumba kunasanduka chizolowezi kwa ogula ambiri. Ku South Africa chizolowezichi sichinazike mizu chimodzimodzi, moti wounika amayenera kufotokozera kaye kasitomala ubwino wa ntchito yake asanayambe kukambirana mtengo.

Chifukwa chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Anthu ambiri amagula nyumba ndi ngongole ya ku banki ya zaka 20, ndipo chiwongoladzanja chake chimatsata chigamulo cha banki yaikulu ya South African Reserve Bank. Mu 2008 chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo pokongoza anthu chinafika pa 15.5 peresenti, patangotha chaka kuchokera pamene lamulo la National Credit Act linakhwimitsa kaperekedwe ka ngongole, ndipo msika wa nyumba unagwa. Mu Julayi 2020, m'nthawi ya mliri wa Covid-19, chinatsika kufika pa 7 peresenti ndipo ogula anachuluka. Kuyambira mu Novembala 2021 chinayambanso kukwera mpaka chinafika pa 11.75 peresenti mu Meyi 2023. Chinayamba kutsikanso mu Sepitembala 2024.

Tanthauzo la ziwerengerozi limaoneka m'thumba la wogula. Pa ngongole ya R1 miliyoni ya zaka 20, chiwongoladzanja cha 7 peresenti chimafuna kubweza pafupifupi R7,750 pamwezi, pomwe cha 11.75 peresenti chimafuna pafupifupi R10,840. Kusiyana kwa ndalama zoposa R3,000 pamwezi n'kokwanira kubweza m'mbuyo banja limene linali litatsala pang'ono kusaina. Banja likabwerera m'mbuyo, ejenti wogulitsa nyumba amataya komishoni, loya amataya ntchito, ndipo wounika nyumba sayitanidwa n'komwe.

Choncho pali kuzilala kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwa chaka ndi chaka, kodziwika ngati miyezi ya njala kwa mlimi. Kwina kumatenga zaka ndipo sikulengeza tsiku lotha. Mu 2020 panabweranso kwachitatu, pamene boma linatseka dziko pa 27 Malichi ndipo malonda a nyumba anaima kwa masabata angapo.

Kusunga pamene zikuyenda

Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe chitetezo chimene wolembedwa ntchito ali nacho. Thumba la Unemployment Insurance Fund, limene limathandiza ogwira ntchito akachotsedwa, silifikira munthu woima payekha amene sali pa malipiro a bwana aliyense. Komabe zolipira zake siziima: ngongole ya galimoto, inshuwalansi yomuteteza akalakwitsa pa lipoti, foni ndi intaneti zimafuna ndalama mwezi uliwonse, kaya waunika nyumba makumi awiri kaya ziwiri.

Msonkho nawo uli ndi kalendala yake. Bungwe lotolera misonkho la South African Revenue Service limafuna kuti anthu abizinesi ngati amenewa azilipiriratu msonkho kawiri pachaka, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Tsiku la mu Febuluwale limafika pamene thumba langodutsa kumene m'chilala cha Disembala, ndiponso ana angobwerera kusukulu. Amene sanapatule gawo la msonkho pa ndalama iliyonse imene analandira amapezeka akukongola kuti alipire boma.

N'chifukwa chake njira yoyamba yopiririra imayamba ntchito ikadali yambiri. Wounika wochenjera amadzilipira malipiro ofanana mwezi uliwonse, otengera mwezi woipa osati wabwino, ndipo zotsala amaziika mu akaunti ina. Ena amalowa m'magulu osungitsa ndalama otchedwa stokvel, ofanana ndi chipereganyu cha ku Malawi kapena chilimba cha ku Zambia. Ambiri mwa maguluwa amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, nthawi imene ntchito imasowa.

Ntchito zosadalira malonda a nyumba

Njira yachiwiri ndi kufunafuna ntchito zimene sizidikira kuti nyumba igulitsidwe. Zambiri mwa izo zimachokera m'malamulo a dzikolo.

Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limafuna kuti mwini nyumba ndi wobwereka aziyendera limodzi nyumbayo wobwereka asanalowe, ndiponso asanatuluke. Mwini nyumba akapanda kuchita kuyendera komalizaku, lamulo limaona ngati wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Anthu akalephera kugula nyumba amachita lendi, choncho ntchito yolemba malipoti a polowa ndi potuluka imakhalapo ngakhale msika wogulitsa uli chete. Ndalama yake ndi yochepa pa nyumba imodzi, koma imabwera mwezi ndi mwezi. Mfundoyi ndi yothandizanso kwa nzika za maiko ena zimene zimachita lendi ku Tembisa kapena ku Germiston, chifukwa mikangano ya dipoziti imatha kupita ku bwalo la Rental Housing Tribunal, limene sililipiritsa wodandaula.

Lamulo lina ndi lokhudza mafulati ndi nyumba zokhala mumpanda umodzi, lotchedwa Sectional Titles Schemes Management Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2016. Limalamula eni nyumba zoterezi kukhala ndi dongosolo la zaka khumi la kukonza ndi kusintha zinthu zikuluzikulu monga madenga, mapaipi ndi penti, komanso thumba losungiramo ndalama za ntchitoyo. Dongosolo lotere silingalembedwe popanda wina kuyendera nyumbazo n'kuona mmene zilili.

Palinso nyumba zatsopano. Lamulo la 1998 limene linapereka mphamvu ku bungwe la National Home Builders Registration Council linaika nthawi zodandaulira kwa womanga: miyezi itatu pa zolakwika za kamalizidwe, chaka chimodzi pa denga lodontha, ndi zaka zisanu pa kuonongeka kwakukulu kwa maziko, makoma kapena denga. Mwini nyumba amene sadziwa kuona zolakwikazi nthawi isanathe amataya mwayi wake, ndipo apa ndi pamene wounika amathandiza.

Mvula ndi nthaka ya East Rand

Nyengo nayo imapereka ntchito yake. Ku Gauteng mvula imagwa kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi, kawirikawiri ndi mabingu ndi matalala amene amaswa matailosi n'kutseka ngalande za padenga. Pa 9 Novembala 2016, madzi osefukira anaononga katundu ku Edenvale ndi kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo anthu ena anafa. Mwezi wa Disembala, umene ogula amasowa, ndi womwewo umene madenga amaulula zobisika zake. Wounika amene anasunga manambala a makasitomala ake akale amatha kuwakumbutsa mu Sepitembala kuti denga liunikidwe mvula isanayambe.

Nthaka ya m'derali ili ndi mavuto akeake. Mbali zina za Ekurhuleni, kuphatikizapo Katlehong, Thokoza ndi Vosloorus, zili pamwamba pa mwala wa dolomite, umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi n'kusiya mapanga pansi. Paipi yodontha kwa nthawi yaitali kapena madzi amvula odikha pafupi ndi nyumba amatha kuchititsa nthaka kutitimira. Nyumba zambiri zakale za m'malokeshoni zilinso ndi madenga a asibesito, amene dzikolo linaletsa mu 2008 chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo. Miyezi yopanda makasitomala ndi nthawi yophunzira zinthu ngati zimenezi, yokonzetsa zipangizo zoyezera, ndi yodziwana ndi mainjiniya amene wounika ayenera kutumizako kasitomala akaona mng'alu woposa nzeru zake.

Chiyeso cha nthawi ya chilala

Koma choopsa chachikulu m'nthawi ya chilala chimakhudza kukhulupirika. Ounika ambiri amapeza makasitomala kudzera mwa maejenti ogulitsa nyumba, ndipo ejenti amalandira komishoni pokhapokha malonda akatheka. Lipoti lonena kuti mitengo ya denga yawola likhoza kutsitsa mtengo kapena kuthetsa malonda. Wounika amene watha masabata atatu osagwira ntchito amadziwa kuti lipoti lolimba likhoza kumutayitsa ejenti amene amamupatsa ntchito. Chiyeso china n'chofanana nacho: kuunika nyumba, kenaka n'kudzipereka kuti akonze yekha zimene wapeza, zomwe zimachititsa kasitomala kukayikira ngati zolakwikazo zinalidi zazikulu chotero.

Amene amalipira mtengo wa lipoti lofewa ndi wogula. Mapangano ambiri ogulitsira nyumba pakati pa anthu wamba amakhala ndi mawu a Chiafrikaans akuti voetstoots, kutanthauza kuti nyumba yagulidwa mmene ilili. Pansi pa mfundoyi wogulitsa sayankha mlandu pa cholakwika chobisika pokhapokha wogula atapereka umboni wakuti iye ankachidziwa ndipo anachibisa dala, chinthu chovuta ndiponso chodula kutsimikizira kukhoti. Lamulo la Consumer Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limateteza wogula kwa makampani amene kugulitsa nyumba ndi bizinesi yawo, koma silifikira munthu wamba amene akugulitsa nyumba yake yokhalamo.

Kuyambira pa 1 Febuluwale 2022, lamulo la Property Practitioners Act limafuna kuti ejenti atenge kwa wogulitsa fomu yosainidwa youlula zolakwika za nyumba, ndipo fomuyo ikhale mbali ya pangano. Ichi ndi chitetezo chatsopano, koma fomuyi imanena zokhazo zimene wogulitsa akudziwa. Mwini nyumba amene sanalowepo m'siling'i yake akhoza kulemba moona mtima kuti denga lili bwino pomwe silili bwino. Mpata umene watsala pakati pa chimene wogulitsa akudziwa ndi mmene nyumba ilili ndi umene wounika amalipidwa kuti autseke.

Apa ndi pamene kusunga ndalama ndi kufunafuna ntchito zina kumaonetsa phindu lake lenileni. Wounika amene ali ndi ndalama za miyezi ingapo mu akaunti, ndiponso ntchito ya nyumba za lendi ndi mafulati, angathe kulemba zimene waona popanda kuopa kukhumudwitsa ejenti mmodzi. Akuluakulu anati sunga khosi mkanda uoneke. Kwa wounika nyumba, khosilo ndi dzina lake, popeza wogula amene anapulumutsidwa ku nyumba ya maziko ong'ambika amauza achibale ndi anzake a kuntchito, ndipo iwo amaimba foni msika ukadzuka.

Chiwongoladzanja chinakwera mu 2008 n'kutsika, chinakweranso mu 2023 n'kuyambanso kutsika. Banja limene lasaina ngongole ya zaka 20 ku Benoni kapena ku Vosloorus lidzakhala pansi pa denga lomwelo m'nyengo zonsezo, ndipo lipoti limene linalandira tsiku logula ndi limene lidzaonetse ngati wounikayo anagwira ntchito yake.