ZA KUPEKA GULE WA KU SCOTLAND PA NYIMBO ZA CIGAELIC

Aphunzitsi onse adziwa kuti nyimbo ya pamtondo siiyenera gule wa pabwalo, ingakhale ikome bwanji. Pakuti inabadwira pa munsi, nitsata kugwa kwa munsi. Momwemo ku Scotland. Kumapiri a kumpoto ndi ku zisumbu za Hebrides kuli anthu olankhula Cigaelic, ndipo nyimbo zao zakale nzambiri. Koma wofuna kupeka gule watsopano pa nyimbozo ayambe wawerenga, mapazi adze pambuyo.

Gule amene tinena ndiye wa mizere iwiri: amuna anai aima uku, akazi anai uko, napenyana. Bungwe losunga magule otere linayambika ku Glasgow caka ca 1923, ndipo analiyamba ndi amai awiri, Jean Milligan ndi Ysobel Stewart, poona kuti magule akale alikuiwalika. Nyimbo ya gule aidula tizigawo tolingana, timene aticha bar. Ndipo mayendedwe ambiri a obvina, kapena kugwirana manja ndi kuzungulira, kapena kutsika pakati pa mizere ndi kubwerera, atha mabar 8 kapena 4. Magule ambiri ali ndi mabar 32. Mwamuna ndi mkazi a kumutu kwa mizere atsogolera kawiri, natsikira kumapeto, anzao nalowa m'malo mwao. Cotero gule abwerezedwa ka 8 kufikira onse atsogolerako. Nyimbo ikaperewera bar imodzi yokha, anthu 8 asokonezeka pamodzi, wina phazi liri m'mwamba.

Kodi nyimbo zonse za Cigaelic zilola muyeso uwu? Iai. Kuli nyimbo zochedwa òrain luaidh, zimene akazi a ku zisumbu anaziimba pomenya nsaru yaubweya yatsopano pa thabwa kuti ilimbe, mmodzi natsogolera, anzace nabvomera. Kugunda kwace nkwamphamvu, ndipo kunyenga wopeka gule. Koma mizere yace siigwa masiku onse m'mabar 8. Wopeka akaumirira, adzadula mau kapena kuikapo mabar acilendo, ndipo mwini cinenero sadzaizindikiranso nyimbo ya amace. Ife tiyesa kuti nkwabwino kuileka nyimbo yotere pa nchito yace.

Zoyenera gule ndizo puirt à beul, ndiko kunena nyimbo za pakamwa. Izi ndizo nyimbo za gule zimene, zoti munthu aziimbe pamene palibe citoliro ca thumba kapena fiddle, ndiye ngati kaligo wa zingwe zinai. Mau ace kawirikawiri ndi onyogodola kapena acabe, osankhidwa cifukwa ca kulira kwace. Zambiri ziri za mitundu iwiri: strathspey, woyenda mwaulemu ndi mosafulumira, ndi reel, wothamanga.

Apa mpamene wodziwa galamala apambana wodziwa mapazi okha. M'Cinyanja tikoka phatikizo lotsatana ndi lomariza. M'Cigaelic mphamvu igwa pa phatikizo loyamba la liu, ndipo phatikizo lamphamvulo likhoza kukhala lalifupi, lotsatira nkutalikirapo. Kulira kotere, kwakufupi patsogolo, kwakutali pambuyo, ndiko cizindikiro ca strathspey. Cifukwa cace wopeka amvetse woimba wa cinenero comweco, aone pamene liu ligunda, naike phazi pomwepo. Akumbukirenso mpweya: kuimba mabar 32 ka 8 ndi pakamwa pokha nkolemetsa, ndipo oimba ayenera kulandizana, kapena kusintha nyimbo pakati, monga acita a zoimbira, amene ayamba ndi nyimbo ya guleyo natsirizanso ndi yomweyo.

Citsanzo codziwika ndico Mairi's Wedding. John Bannerman anapeka mau ace m'Cigaelic kulemekeza Mary MacNiven, amene anapata mendulo ya golidi pa mpikisano wa nyimbo za Cigaelic wochedwa Mòd caka ca 1934. Caka ca 1959 James Cosh anapekapo gule wa reel. Mayendedwe amene anawafuna sanakwane m'mabar 32, ndipo anafikitsa 40, ndizo zigawo zisanu za mabar 8. Popeza nyimboyo iri ndi zigawo za mabar 8 zokhazokha, oimba angobwereza zigawo zace kufikira zitakwana zisanu, osadulapo kanthu.