Kuyendetsa galimoto popanda kuponda ndi phazi

Munthu amene miyendo yake siigwira ntchito akhoza kuyendetsa galimoto, malinga ntchito ya mapazi isamutsidwire m'manja. Chimene chimathandiza ndi ndodo yachitsulo yomwe amaimangirira pambali pa chiwongolero, n'kuilumikiza ku buleki ndi ku chopondera moto. Pa mtundu wofala kwambiri, dalaivala akakankha ndodoyo galimoto imaima. Akaikoka imawonjezera liwiro. Popeza dzanja limodzi latanganidwa pamenepo, pachiwongolero amaikapo kachogwirira kobulungira kuti dzanja linalo lizikhotetsa lokha. Zopondera sazichotsa, choncho wachibale akhozanso kuiyendetsa monga mwa masiku onse.

Zimenezi zimayenda bwino pa galimoto ya otomatiki, pakuti manja awiri sangathe chiwongolero, buleki, giya ndi kilatchi nthawi imodzi. Apa Amalawi tili ndi mwayi: magalimoto ambiri ochokera ku Japan, amene amafika kudzera padoko la Dar es Salaam, ndi otero.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa kamangidwe. Ndodo yongowotcherera mwachisawawa ikamasuka pamtsetse, dalaivalayu alibe phazi loti apondere buleki.