Okapi ndi kampeni kofiira: woyenera thumba ndi uti ku Rustenburg?

Mwamuna wokulira kumudzi kwathu sakonda kuyenda wopanda mpeni. Akapeza nzimbe amasenda, akafuna luzi amafundula, ndipo mbuzi ikaphedwa pamaliro sadikira kuti wina akabwereke mpeni kunyumba yoyandikana nayo. Chizolowezichi chimawoloka malire limodzi ndi mwini wake. Amalawi amene akukhala ku Rustenburg ndi m'madera ozungulira migodi ya platinum, monga Marikana, Phokeng ndi Freedom Park, si onse amene amatsika pansi kukakumba. Ena ndi amisiri omanga, ena amasamalira maluwa m'makomo mwa anthu, ena ali m'mafamu a m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg. Ntchito zoterezi sizitha tsiku osafuna chodulira. Mipeni yopinda imene munthu angaganize zogula kumeneko ilipo yambiri, koma iwiri ndiyo ili ndi mbiri yakalekale: Okapi, ndi kampeni kofiira ka ku Switzerland ka kampani ya Victorinox.

Okapi ambiri amamuyesa mbadwa ya ku Joni, chonsecho anachokera ku Germany. Anayamba kusulidwa mumzinda wa Solingen mu 1902, ndipo ankapangidwira msika wa mu Africa muno. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa kadyansonga, imene azungu anali atangoidziwa kumene. Mu 1988 makina ndi dzina la mpeniwu zinagulidwa n'kusamutsidwira ku South Africa, ndipo fakitale yake inakhazikika ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Chaka chomwecho n'chimene bungwe la Theba linasiya kulemba Amalawi opita kumigodi, pa mkangano wa zoyeza kachilombo ka HIV. Ndiye kuti Okapi wakale amene angapezeke m'sutikesi ya agogo amene anapita kumigodi kudzera m'bungwe la Wenela kapena la Theba ndi wa ku Germany, pamene amene adzukulu awo akugula lero ndi wa ku South Africa.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Chogwirira ndi chamtengo, chopindika pang'ono, ndipo pa mitundu yotchuka pamakhala zokongoletsa za mwezi ndi nyenyezi. Kumsana kwake kuli kachitsulo kokhala ndi mphete. Potsegula pamamveka kulira kwa timano, ndipo mpeni ukatambasuka umakhoma. Kuti upindikenso uyenera kukoka mpheteyo. Ubwino wake waukulu wagona pamenepa. Munthu amene akusenda chikopa cha mbuzi kapena kusongola chikhomo amakankha ndi mphamvu, ndipo mpeni wosakhoma ukhoza kubwerera n'kumudula zala. Chitsulo cha Okapi wachikale chimanoleka mosavuta, ngakhale pamwala wamba wa pabwalo, koma sichichedwa kuchita dzimbiri ukachisiya chonyowa. Chimafuna kupukuta ndi kupakako timafuta. Mtengo wake ndi wotsika, moti ukatayika kumunda mwini wake amadandaula pang'ono n'kukagula wina.

Kampeni ka ku Switzerland kanabadwa m'malingaliro ena. Karl Elsener anatsegula malo ake osulirapo mipeni ku Ibach mu 1884, ndipo mu 1891 anayamba kupereka mipeni kwa asilikali a dziko lake. Msilikali ankafuna chinthu chimodzi choti atsegulire chakudya cha m'chitini komanso amasulire mfuti yake poikonza. N'chifukwa chake mpaka lero m'kachogwirira kamodzi mumapezeka mpeni, chotsegulira zitini, chotsegulira mabotolo, chomasulira masikuluwu, ndipo mwina kasizasi ndi kasowo. Chitsulo chake sichichita dzimbiri msanga. Kwa munthu wokhala m'kachipinda ka malata, wopanda bokosi la zida, timeneti si tachabe: pulagi ya ketulo ikamasuka, chitseko cha kabati chikalendewera, chitini cha nsomba chikafuna kutsegula, ntchito imatheka pomwepo.

Koma tikanena za kudula kwenikweni, kampeni kofiira kamachepa. N'kakafupi, ndipo mitundu yake yambiri ya m'thumba sikhoma. Kusenda lalanje kapena kudula chingwe kamakwanitsa bwino. Kuzinga nkhuku kapena kuduladula nyama ya kanyenya pa Khirisimasi n'kudzivutitsa. Kenieni kake n'kodula kuposa Okapi kangapo, ndipo tofanana nako totchipa timene timagulitsidwa m'misika timagwedera tisanathe ndi miyezi yomwe. Pa ntchito ya kumunda ndi ya nyama, Okapi alibe mnzake pa mipeni iwiriyi, ndipo ine sindiona chifukwa chobisira zimenezo.

Chimene chimasintha nkhani n'chakuti mpeni wa m'thumba suweruzidwa ndi mwini wake yekha. Umaweruzidwanso ndi amene wauona. Ku South Africa dzina loti Okapi lili ndi mbiri yachiwiri, yomvetsa chisoni. Kwa zaka zambiri lakhala likumveka m'nkhani za atsotsi, za kubayana m'malo omwera mowa, za kulanda anthu pamdima. Mbiriyi inafika ngakhale ku Jamaica, kumene anyamata ovuta a ku Kingston ankadziwika ndi mipeni yomweyi. Alimi, abusa a ziweto ndi asodzi amene amagwiritsa ntchito Okapi mwamtendere ndi ochuluka zedi, koma iwo satuluka m'nyuzipepala. Kulira kuja kwa timano, kumene kumudzi kumangotanthauza kuti nzimbe yatsala pang'ono kusendedwa, pamalo okwerera mataxi kumachititsa anthu kutembenuka ndi mantha.

Ndipo Rustenburg si dera wamba pa nkhani ya zida zonyamula m'manja. Pa 16 August 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito kumgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Tsikulo lisanafike anthu ena khumi anali ataphedwa kale, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a kampani. Zithunzi za anthu atakhala paphiri ndi zikwanje, mikondo ndi zibonga zinazungulira dziko lonse, ndipo funso la zidazo linatenga nthawi yaitali pamaso pa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Ian Farlam. Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, koma mabanja a ophedwawo alipo, ndipo chilondacho sichinapole.

Mu 2013 dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo latsopano la zida zoopsa, la Dangerous Weapons Act. Lamuloli sililetsa munthu kukhala ndi mpeni. Limateteza amene wanyamula chida chifukwa cha ntchito yovomerezeka, mwambo, chipembedzo kapena masewera. Chimene limalanga ndi kupezeka ndi chida choopsa m'njira yopatsa chikayikiro chomveka chakuti ukufuna kuchita nacho zoipa, ndipo chilango chikhoza kufika zaka zitatu m'ndende. Poyeza chikayikirocho amayang'ana malo, nthawi, khalidwe la munthuyo ndi mmene wanyamulira chidacho. Limaletsanso kunyamula zida zoopsa pa zionetsero.

Apa m'pofunika kuti m'bale wathu aganize mofatsa. Okapi m'thumba la ovolosi masana, pafamu, pali makatoni oti adulidwe zingwe, amadzifotokoza yekha. Okapi yemweyo m'thumba la jinzi Loweruka usiku, pafupi ndi shabini, amafuna kufotokozeredwa, ndipo wofotokozayo ndi mlendo amene Chitswana kapena Chixhosa chake n'chopereweza, amene mwina mapepala ake ali ndi vuto, m'dziko limene alendo akhala akuchitiridwa nkhanza kangapo, monga mu 2008 ndi mu 2015. Si chilungamo kuti mpeni umodzimodzi uoneke wosalakwa m'manja mwa mwini famu koma wokayikitsa m'manja mwa wantchito wake. Koma apolisi akaimitsa munthu n'kuyamba kumusecha, za chilungamozo zimadzakambidwa mochedwa, atagona kale m'chitokosi. Kampeni kofiira kakatuluka m'thumba pamodzi ndi makiyi, maso ambiri amaona chida cha ntchito. Sikapereka chitetezo cha lamulo choposa cha Okapi, koma kamachepetsa mafunso.

Palinso chinthu china chimene sitikonda kuchitchula. Ena amanyamula Okapi ati n'chodzitetezera, chifukwa njira za m'midzi ya malata zimakhala za mdima ndipo achifwamba alipodi. Mantha awo ndi omveka. Komatu mpeni wonyamulidwa ndi maganizo amenewo ndi umene umatuluka mkangano wa ngongole ukakula kapena mowa ukalowa m'mutu, ndipo wovulala nthawi zambiri amakhala mnzako wodziwana naye. Kenaka Amalawi anzako amayamba kusonkherana ndalama zonyamulira maliro kupita kumudzi, wina ali m'ndende. Kampeni kakang'ono kosakhoma sikamunamiza mwini wake kuti ali ndi chida chomenyera nkhondo, ndipo kufooka kwake kumeneko ine ndimakuwerengera ku ubwino.

Ndiye wondifunsa ndimamuuza kuti agule Okapi ngati ntchito yake ndi ya kumunda kapena ya nyama, aziunola, aziupaka mafuta, koma azikausiya m'chikwama cha zida kapena kukhitchini akaweruka. Wolowa nawo m'tauni, m'taxi ndi kutchalitchi ukhale kampeni kofiira. Ngati ndalama ya kenieni sinakwane mwezi uno, kuyenda thumba lili lopanda mpeni kufikira malipiro ena si vuto lalikulu. Chitini cha nsomba chikhoza kudikira mpaka ufike kunyumba.